Mnzanga, ndemanga ya buku ili ndi nyengo yake

Leeds

Wokondedwa mnzanga,

Uthenga wako wa sabata yatha ndaulandira, ndipo mtima wakhala pansi kumva kuti mayi apezako bwino mwendo uja. Uwapatse moni wanga, uwauze kuti mafuta opaka aja ndiwatumiza akapezeka wobwera kumudzi. Kuno tili bwino, kungoti dzuwa layamba kulowa msanga. Ikamati 4 koloko kunja kwada kale, ndiye madzulo ndimangokhala pawindo, bulangete m'miyendo, buku m'manja.

Wati walembetsa pa NetGalley, tsamba lija la pa intaneti pomwe osindikiza mabuku amapereka mabuku ulere kwa olemba ndemanga, ndipo akuvomera mabuku atatu omwe sanatuluke, ndiye ukufunsa ngati ungangowerenga n'kuika ndemanga tsiku lomwelo. Ndasangalala kwambiri kuti wayamba, koma pa funso limeneli ndi pomwe ine ndinapunthwa chaka changa choyamba, ndipo sindikufuna mwala womwewo ukupweteke nawenso.

Buku lake linali la mayi wina wa kumadzulo kwa Africa, loyamba kulemba pa moyo wake. Ndinalilandira mu May, pomwe tsiku lotuluka linali mu September. Ndinaliwerenga masiku awiri okha, m'basi popita ku ntchito ndi pobwera, mpaka tsiku lina ndinapitirira siteji yanga misozi ili m'maso. Usiku womwewo ndinalemba ndemanga yaitali, n'kuiika pa Instagram ndi paliponse pomwe ndikanatha. Anthu anaikonda. Anayamba kufunsa kuti, “Tilipeza kuti bukuli?” Ine yankho ndinalibe, kupatula kuwauza kuti adikire miyezi inayi. Patapita masiku atatu kunabwera imelo yochokera kwa mayi wina wa ku kampani yosindikiza bukulo. Analemba mwaulemu, anathokoza, kenako anandikumbutsa kuti pondivomera anapempha kuti ndemanga zisaonekere poyera mpaka patatsala masiku 30 kuti buku lituluke. Nditabwerera ku uthenga woyamba uja, mawuwo anali pomwepo kumunsi, ine sindinafikeko ndi maso. Chinandiwawa koposa n'chakuti September atakwana, onse aja ankafunsa anali ataiwala, ndipo ine mawu anga abwino ndinali nditawamwaza kale.

Ukukumbuka agogo ako akutiletsa kubzala ndi mvula ya chizimalupsa? Imagwa, fungo la dothi n'kumveka, mtima n'kuthamangira khasu, koma wobzala pamenepo mbewu imamupsera m'nthaka. Ndemanga yotuluka msanga imatero. Umadzutsa njala ya buku mwa anthu pomwe m'sitolo mulibe choti agule.

Chifukwa chake n'chakuti kuno sabata yoyamba ya buku ndiyo nyengo yokolola. Ku Britain mabuku ambiri amatuluka Lachinayi, ku America Lachiwiri. Onse amene analipiriratu buku lisanatuluke amawerengedwa pamodzi ndi ogula a sabata yoyambayo, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho chimalowetsa buku pa mndandanda wa ogulidwa kwambiri, ngati wa Sunday Times kuno kapena wa New York Times uko. A masitolo nawo amayang'ana pomwepo poganiza ngati bukulo likhalebe pa tebulo la pakhomo kapena lipite pa shelefu ya kumbuyo. Mlembi wotchuka sadandaula, dzina limamugulitsira. Koma woyamba kumene, makamaka wathu wa ku Africa amene dzina lake ogula a kuno amavutika kulitchula, ali ndi masabata ochepa kwambiri oti aonekere. Mu October muli tsiku lina lomwe amalitcha Super Thursday, pomwe mabuku mazanamazana amatuluka tsiku limodzi kukonzekera malonda a Khirisimasi. Tangoganiza buku la munthu wosadziwika m'chipwirikiti chimenecho. Osindikiza akamati dikirani, akufuna kuti mawu athu tonse amveke nthawi imodzi, ngati ng'oma ndi manja pabwalo.

Tsono si kuti paliponse n'poletsedwa ayi. Maganizo ako ukhoza kuwatumiza pa NetGalley pomwepo ukangomaliza kuwerenga, chifukwa amapita kwa osindikiza, ndipo iwo amakondwa kuwalandira msanga. Goodreads, tsamba lomwe owerenga amaikapo maganizo awo pa mabuku, imalola ndemanga buku lisanatuluke, ndipo osindikiza ambiri sakangana nazo, ngakhale ena amapempha kuti kumenekonso udikire. Amazon, sitolo yaikulu ya pa intaneti ija, ndiye sitsegula khomo la ndemanga mpaka tsiku lotuluka buku, komanso imafuna kuti ukhale unagulako zinthu pa iwo m'miyezi 12 yapitayo, za madola 50 ku America kapena mapaundi 40 kuno, choncho iwe mwina kumeneko usadzivutitse. Amene amatsogola miyezi ingapo ndi magazini a anthu a ntchitoyi, monga Publishers Weekly ndi Kirkus Reviews, chifukwa owerenga awo ndi a masitolo ndi a malaibulale amene amayenera kuitanitsiratu katundu. Ife si gulu limenelo. Kampani iliyonse ili ndi pempho lake, ina imati mwezi umodzi, ina masabata awiri, ina sabata yotuluka buku yeniyeniyo. Werenga uthenga wokuvomera mpaka pa mzere womaliza.

Palinso mabuku ena omwe amawaika pa embargo, kutanthauza kuti osanenapo kanthu konse mpaka ola lomwe atchula. Mwina unamva za buku la Prince Harry lomwe limayenera kutuluka pa 10 January 2023, koma masitolo ena a ku Spain analigulitsa masiku asanu tsikulo lisanakwane, ndipo nyuzipepala zinaulula za m'kati mwake dziko lonse lisanaligwire. Mabuku otere sadzafika kwa iwe ndi ine kawirikawiri, koma ukadzaona mawu amenewo, samala ndi wotchi. Malawi ali patsogolo pa London ndi ola limodzi m'chilimwe cha kuno, ndi maola awiri m'nyengo yozizira, ndipo New York ali kumbuyo kwako ndi maola 6 kapena 7. Kwa iwe kukhoza kukhala kutacha, kwa eni buku lisanafike tsiku.

Chimene ndimachita tsopano n'chophweka. Ndili ndi kope lachikuto chofiira, longa lija tinkalembamo manotsi ku sekondale. Buku lililonse lili ndi tsamba lake: tsiku lotuluka kuno, tsiku lotuluka ku America chifukwa nthawi zina amasiyana ndi miyezi, ndi tsiku lomwe osindikiza alola ndemanga. Ndemangayo ndimailemba ndikangotseka buku, mtima udakali wotentha, kenako ndimaisunga ngati mbewu padenga. Tsiku likayandikira ndimaiwerenganso, ndipo nthawi zambiri ndimapeza chiganizo chimodzi kapena ziwiri zomwe zikanaulula mathero a nkhani. Ngati ndikufuna kutchula mawu enieni a m'bukumo, ndimadikira buku lomalizidwa, pakuti lomwe timalandirali amakhala asanalikonze, ndipo mlembi akhoza kusintha kapena kuchotsa ndime yonse. Pamwamba ndimalembanso poyera kuti bukuli ndinapatsidwa ulere ndi osindikiza, kuti wowerenga adziwe.

Ndikuchenjezenso pa dyera la maso. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. NetGalley imawerengera mabuku omwe wapatsidwa ndi omwe walembera maganizo, ndipo imalangiza kuti ufike 80 pa 100 alionse. Osindikiza amaona nambala imeneyo asanakuvomere. Atatu uli nawowo akukwanira pakadali pano. Uwakopere pa foni lero lomwe, magetsi ndi bando zikadalipo, chifukwa buku lililonse lili ndi tsiku lomwe amalichotsa, ndipo likadutsa sungalitengenso. Enanso akakukana usakhumudwe. Kawirikawiri vuto si iwe, koma kuti kampaniyo ili ndi ufulu wogulitsa bukulo m'mayiko ena okha.

Wafunsanso kuti nanga buku likapanda kukusangalatsa? Nena zoona, palibe amene wagula pakamwa pako. Ine maganizo otere ndimawatumiza kwa osindikiza msanga, koma poyera ndimadikira sabata yotuluka buku idutse, ndipo mlembi sindimuitana kuti adzaone ndemangayo. Munthu wavutika zaka kulemba, tsiku limenelo ndi ngati la ukwati wake. Ena kuno sagwirizana nane, amati wogula ali ndi ufulu wodziwa asanataye ndalama, ndipo mfundo yawo ndimaimva. Koma ine mtima wanga sundilola.

Unditumizire mayina a mabuku atatuwo ndi masiku ake, ndiwalembe m'kope langa kuti tizikumbutsana. Ngati limodzi mwa iwo nanenso ndili nalo, tidzaike ndemanga tsiku limodzi, iwe ku Zomba ine kuno. Ana uwapatse moni, ndipo wamkulu uja umuuze kuti buku la nyenyezi anapempha lija ndalipeza, lili m'chikwama kale.

Ndine mnzako wa kalekale.