Lipoti la msonkhano wokambirana mitengo ya ntchito yoyeretsa m'nyumba

A wapampando ndi mamembala nonse,

Munandituma kumsonkhano wa magulu oyeretsa m'nyumba za anthu kuti ndikamve mmene anzathu amaikira mitengo. Chachikulu chomwe ndatolako n'chakuti ambirife timatchula mtengo tisanawerengere zomwe ntchitoyo itidyere. Timangofunsa kuti mnzathu akulipiritsa zingati, n'kutsitsako pang'ono kuopa kuti kasitomala angathawe.

Wotsogolera zokambirana anati tiyambe ndi nthawi. Tinene kuti nyumba imatenga maola 4. Onjezanipo ola lopita ndi ola lobwerera, akwana 6. Mukalipiritsa anayi okhawo, ndiye kuti mwa maola atatu alionse, limodzi mwagwira ulere, ndipo apo sitinawerengere nthawi yochapa zikolopa ndi nsanza madzulo. Kenako pali sopo, bulichi, magolovesi, thiransipoti ndi mayunitsi a foni. Mopu imatha, makina opopa fumbi amafa, munthu amadwala. Zonsezi zilowe mumtengo, ndipo pamwamba pake pakhale phindu, lomwe ndi losiyana ndi malipiro a thukuta lanu.

Pomwe panavuta ndi pa funso lakuti tizilipiritsa pa ola kapena pa nyumba. Ena anati pa ola ndiye chilungamo, chifukwa ntchito ikachuluka ndalama nayo imakwera. Mayi wina amene wakhalitsa pantchitoyi anatsutsa. Anati munthu waluso amamaliza msanga, choncho kulipira pa ola kumalanga waluso n'kupindulira wozengereza, komanso mwininyumba amangokhalira kuyang'ana wotchi. Ine ndili kumbali ya mayiwa, koma pokhapokha ngati nyumbayo taiona kaye ndi maso. Mtengo wa pafoni ndi umene umatipweteka. Nyumba ziwiri zikhoza kukhala ndi zipinda zitatu zonse, koma ina ili ndi ubweya wa galu wolowerera m'kapeti, mafuta oundana kuseri kwa chitofu, ndi shelefu yodzaza tizithunzi toti munyamule kamodzikamodzi, mupukute, mubwezere pomwe kanali. Ndiye muziyenda m'zipinda zonse, mutsegule bafa ndi khitchini, muyerekeze maola mumtima, kenako mutchule mtengo umodzi.

Onse anagwirizana kuti ulendo woyamba uzikhala wokwera, popeza mumachotsa litsiro la miyezi, ndipo kasitomala wa sabata ndi sabata atha kuchotseredwako. Nyumba yomwe amisiri angomaliza kumanga kapena yomwe anthu angosamukamo ili ndi mtengo wakewake.

Tinakambirananso za mawu aja tonse timawadziwa: "Poti mwabwera kale, tangochapaniko izi." Kuchapa, kusita, mkati mwa firiji, uvuni ndi mawindo a kunja ndi ntchito zapadera. Mankhwala ake ndi kulemba zomwe mwagwirizana ntchito isanayambe, ngakhale pa WhatsApp pokha: zipinda ziti, sopo agula ndani, ndalama iperekedwa liti, ndiponso alipira chiyani akakubwezani muli kale pakhomo.

Chilungamo chiyenera kuonekanso kwa kasitomala. Mtengo usakwere chifukwa mwaona galimoto yabwino pabwalo, ndipo usasinthe ntchito ili mkati. Mukafuna kukweza, muwauze nthawi ilipo ndi chifukwa chake.

Kwa inu amene muli ndi antchito anu, tinakumbutsidwa za Pangano nambala 189 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, pangano lomwe linavomerezedwa ku Geneva mu 2011. Limati ogwira ntchito za m'nyumba azipuma maola 24 otsatizana pa sabata, ndipo asasiyidwe kunja pa malipiro ochepetsetsa omwe lamulo la dziko lawo linakhazikitsa. Mukatsitsa mtengo mopitirira, amene amalipira kusiyanako ndi wantchito wanuyo, ndipo zimenezi zinandikhudza kwambiri.

Pempho langa ndi ili. Aliyense alembe m'kope, kwa mwezi wathunthu, maola a nyumba iliyonse kuyambira ponyamuka mpaka pobwerera, ndi zonse zomwe wagula. Tidzabwere ndi makopewo pamsonkhano wotsatira, aliyense adzaone mtengo umene sayenera kutsika kupyola pamenepo. Ndikupemphanso alembi atikonzere kapepala ka mgwirizano koti tizionetsa makasitomala atsopano.

Zikomo pondikhulupirira ndi ulendowu.