Galu akalirima kukhosi, musamukwapule

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga oweta agalu, chifukwa ine nzeru zandibwerera mdzukulu wanga atalumidwa kale.

Galu wanga Kambuku ndakhala naye zaka 7. Ali wamng'ono ankalirima kukhosi munthu akayandikira mbale yake, ndipo ine ndinkamukwapula nthawi iliyonse mpaka analeka. Ndinkadzitama kuti ndamuphunzitsa ulemu. Mwezi wathawu mdzukulu wanga wa zaka 4 anamukumbatira m'khosi ali chigonere, galuyo n'kumuluma padzanja. Aliyense pakhomo anati waluma osachenjeza. Kumeneko n'kumunamizira. Ine ndinali pomwepo. Ndinamuona akuyasamula pomwe analibe tulo, akunyambita mphuno, makutu atagona chakumbuyo, mutu atautembenuzira kumbali mpaka zoyera za m'maso kuonekera. Kenako thupi lonse linauma gwa! Apa n'kuti galuyo akupempha kuti amusiye. Galu wamkota sakandira pachabe, koma chenjezo lokhalo limene makutu angawa akanamva ndi lija ndinamulanda ndekha ndi kamtengo.

Mchira nawo watipusitsa ambiri. Timati akaupukusa ndiye kuti wakondwa, pomwe si nthawi zonse. Mu 2007 akatswiri a ku Italy anayesa agalu 30 n'kupeza kuti galu akaona mbuye wake mchira umapendekera kudzanja lake lamanja, koma akaona galu wachilendo woopsa umapendekera kumanzere. Kunena zoona, maso anga okalambawa sangagwire zimenezo. Chimene ndimayang'ana ine ndi chiuno. Chikamavina limodzi ndi mchira, palibe vuto. Koma mchira ukaima njo, nsonga yokha n'kumanjenjemera, ubweya wapamsana utadzuka, chotsanipo mwana msanga. Wopanira mchira pakati pa miyendo musamuderere: ali ndi mantha, ndipo akasowa kothawira amaluma.

Atangoluma, Kambuku anazyolika, maso osafuna kukumana ndi anga. Ndinati akudziwa mlandu wake, ndipo dzanja linali litatola kale kamtengo. Mwana wanga, mayi wake wa wolumidwayo, ndiye anandigwira mkono. Pambuyo pake anandiuza za kafukufuku wa Alexandra Horowitz wa ku Barnard College ku New York, wa mu 2009: agalu ankaonetsa nkhope ya wolakwa ija mbuye wawo akawakalipira, ngakhale amene sanalakwe kanthu. Ndiye kuti nkhope imene ndinkaitenga ngati kulapa inali yoopa ine.

Bala tinalitsuka ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala, ngakhale galuyo anabayitsa katemera wa chiwewe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 100 odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa agalu, ndipo pafupifupi 40 mwa omwalira 100 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Ana ndi amene amakumbatira agalu, kuwakoka makutu ndi kuwayang'anitsitsa m'maso.

Dzanja la mdzukulu wanga lapola, kwatsala kachipsera. Tsopano amadziwa kuti Kambuku akagona kapena akamadya sakhudzidwa, ndipo akamuona akuyasamula amabwera kudzandiuza kuti, "Agogo, Kambuku akuti sakufuna." Kulirima kuja mpaka lero sanayambirenso, ndipo ndikukudikira.

Wowerenga wanu,
Gogo woweta galu