Kalata kwa Esinati ku Joni

Esinati mnzanga,

Kalata yako yafika pamodzi ndi mafuta odzola aja, ngakhale wa basi anachita kundidzutsa usiku kuti ndikatenge katundu ku Kamuzu Road. Zikomo. Koma iwe, wakuuza ndani kuti Tadala tsopano ndi mwana wa mabwana? Usayankhe, ndi Mervis. Pakamwa pa Mervis sipadziwa Sabata.

Nkhani yake ndi iyi. Pafamu ina cha ku msewu wa ku Senga Bay pali mahatchi angapo, ndipo eni ake anayambitsa kagulu ka ana kokumana Loweruka. Amene ali nazo amalipira ndalama, ife enafe ana athu amalipira ndi thukuta: kusesa khola, kutunga madzi, kumweta udzu. Akatha zimenezo ndiye amakwera pang'ono. Ndiye ukamva kuti mwana wa Naphiri akukwera hatchi, udziwe kuti nthawi yambiri amakhala atagwira fosholo, akuwola ndowe.

Koma kauze anthu zimenezo! Alamu anga a ku Chipoka anabwera kudzabwereka ndalama ya feteleza, ati poti ndife anthu a mahatchi. Kutchalitchi andiika m'komiti ya zachuma osandifunsa n'komwe. Mayi wa tomato uja wa pakona wasiya kundiikira basela. Wakabaza amene wakhala akundinyamula kuyambira kalekale wakweza mtengo, ndipo ndikadandaula amangoti, "Amayi, nanga hatchi mwaisiya kuti?" Dzulo apongozi anandifunsa mwakachetechete ngati nyamayo tinagula pangongole. Ndikuopa kuti ikamafika Khirisimasi mudzi wonse udzakhala utagwirizana kuti tili ndi khola lathu ku Lilongwe, ndipo pamaliro adzayamba kutiwerengera thumba la ufa lathunthu. Chitsikireni mphamvu kwacha mu Novembala 2023, ndi 44 peresenti yonse ija, ine sopo ndimachita kumudula pakati, koma ayi, ndine bwana.

Kumene ndatopa kwenikweni ndi kwa makolo anzanga. Anandisankha kuti ndiziwakumbutsa zofunika, mwina chifukwa cha mawu angawa. Ntchito yathu ndi yosasangalatsa: mwana afike pa nthawi, atadya, atavala thalauza ndi nsapato yotseka yokhala ndi kachidendene, kuti phazi lisalowerere pa chitsulo chopondera chija. Wina anabweretsa mwana atavala patapata. Wina anabwera ndi chimanga chodzaza jumbo kuti adyetse hatchi mwachikondi, osadziwa kuti hatchi sisanza. Ikadya chimanga chambiri mimba imapotokola mpaka ina kufa kumene. Chakudya chake chenicheni ndi udzu, ndipo hatchi ya makilogalamu 400 imafuna pafupifupi makilogalamu 8 a udzu wouma pa tsiku, madzi ndowa ziwiri za malita 20, kukatentha monga kumatenthera kuno mu Okutobala kuposa pamenepo. Ndiye uone mapewa a Tadala mmene akulira.

Ovuta kwambiri ndi abambo. Bambo a Yamikani amaima pampanda n'kumakuwa ngati ali ku mpira, "Menya! Thamangitsa!" Hatchi ndi nyama yamantha, imadzidzimuka ndi phokoso ngakhale ndi pepala louluka ndi mwera. Mwana kumva mawu a bambo ake amauma thupi, hatchi nayo imamva kuumako, basi zinthu zasokonekera. Mphunzitsi wawo, mnyamata wofatsa wochokera ku Zomba, anatiuza kuti mwana akakhala pachishalo amve mawu a munthu mmodzi yekha. Ine ndagwirizana naye, ngakhale kukhala chete ukundidziwa kuti si mphatso yanga. Ndimakhala patsinde pa mtengo ndi botolo la madzi, mano nditaluma. Mwana akagwa, ndipo amagwa ndithu, suthamangira m'bwalomo ukulira. Umadikira mphunzitsi amuone kaye. Tsiku limene Tadala anagwa ndinamva mwendo wanga ukunyamuka wokha, Nachisale anachita kundigwira chitenje.

Agogo ake sakufuna kumva. Akuti mtsikana wotang'adza pa nyama sadzabereka. Ndawauza kuti ku England gulu la ana lotchedwa Pony Club linayamba mu 1929 ndipo azungu akuberekanabe mpaka lero, koma angondiyang'ana. Tadala akabwerako amamuuza kuti akasambe kaye asanagwire mbale. Pamenepo pokha ndili nawo, fungo lake ndi loona.

Unafunsa chifukwa chake kuno mahatchi ndi osowa chonchi. Ndi matenda. Kumtunda kwa Nkhotakota, kunkhalango kuja anapititsako njovu 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, kuli kashembe, ntchentche ya kaodzera ija, ndipo hatchi siilimba nayo. Palinso nthenda ina yofalitsidwa ndi tizilombo tating'onoting'ono toluma madzulo ndi mbandakucha, makamaka nthawi ya mvula, moti ana amaphunzitsidwa kulowetsa mahatchi m'khola dzuwa lisanalowe. Katemera wake amapangidwa kwanu komweko, ku Onderstepoort pafupi ndi Pretoria. Ndiye usamanyade kuti zonse zabwino zili ku Joni, ngakhale pa ichi chokha wapambana. Ana nawo tinawatengera kuchipatala kukabayitsa wa kafumbata, chifukwa m'khola simusowa misomali ndi ndowe.

Tsopano pempho langa, ndipo usaseke. Ndigulire chipewa cholimba chokwerera hatchi. Pano ana amabwerekana zochepa zomwe zilipo, ndipo chimene amavala Tadala chimamugwedera mpaka kutseka maso. Cha njinga yamoto mphunzitsi wakana. Chapakaunjika wakananso, akuti chipewa chikamenyetseka kamodzi chimasweka mkati mosaoneka, ndiye sungadziwe kuti mwini wake woyamba anagwa nacho kangati. Ndamuyeza mutu ndi tepi ya Anaphiri atelala, pamwamba pa nsidze, ndi masentimita 54, tsitsi lisanalukidwe. Ndalama ndidzabweza, koma osati mwezi uno. Usatumize kudzera kwa Mervis.

Za Bambo a Chikondi unamva kale, tinawaika Lachiwiri. Sindingathe kulemba zimenezo lero. Chikondi sakulankhula ndi munthu, koma Tadala anamutenga Loweruka lapitali ndipo anakhala nthawi yaitali akupesa hatchi yofiirira ija, osafuna kukwera. Mayi ake akufunsa ngati angamapite, ndiye ndiyenera kukalankhula ndi eni famu. Ukwati wa Gift ulipo mu Seputembala, mkazi ndi wa ku Dwangwa, yunifomu yake ndi yobiriwira moipa. Nyumba ya malume kunyanja ija madzi a 2024 anaisiya ndi ming'alu, sanaikonzebe.

Magetsi athima ndipo pepala latsala kachidutswa. Ndimafuna ndikuuzenso zimene ananena abusa ataona chithunzi cha Tadala ali pahatchi, ati chakhumi changa chiyenera