Azakhali ako avina ku Guadalajara

Wokondedwa mwana wanga,

Uli bwanji, mwanawe? Ndamva kuti dzino lako lakutsogolo laguluka. Ine kuno ku Guadalajara, mzinda wa ku Mexico, ndili bwino, kungoti mawu asasa chifukwa chokuwa.

Usiku wa pa 15 Sepitembala anthu a ku Mexico sagona msanga. Amakumbukira wansembe wina, Miguel Hidalgo, amene mu 1810 analiza belu la tchalitchi m'tauni ya Dolores, kuitana anthu kuti amenyere ufulu wawo kwa atsamunda a ku Spain. Tinadzaza bwalo, popondapo osaoneka. Cha m'ma 11 koloko usiku, iwe kumeneko ukumwa phala lam'mawa, mkulu wa boma analiza belu n'kufuula, "¡Viva México!" Tonse tinayankha, "¡Viva!" Kumeneko n'kunena kuti Mexico akhale ndi moyo.

Koma diresi, mwanawe! Mayi amene ndimakhala kwawo anandibwereka lawo lovinira. Siketi yake njotambalala moti iwe ndi anzako awiri mungabisalemo, ndipo yazunguliridwa ndi maliboni amitundumitundu. Povina umagwira m'mphepete mwake uku ndi uku n'kumaikupiza ngati mapiko a gulugufe, mapazi akugunda pansi. Ine ndinayesa. Ndinazungulira kamodzi, kachiwiri ndinaiponda, khu, pansi! Kamtsikana ka msinkhu wako ndiye kanandidzutsa, kakuseka mpaka misozi.

Oimba ake amatchedwa mariachi. Amavala masuti akuda okhala ndi mabatani asiliva ondondozana m'mbali mwa buluku, kumutu chipewa choposa lichero la agogo. Ena amaliza malipenga, ena vayolini. Ine amene anandisangalatsa ndi wa chigitala chotchedwa guitarrón, chamimba ngati mtsuko. Akachikhwacha chimati du, du, du, mpaka kumvekera m'chifuwa.

Tinadyanso pozole, msuzi wa chimanga chonga mphale, wothira nyama yankhumba ndi tsabola. Ukawauze agogo kuti chimanga chimene amalima chija chinayambira kuno ku Mexico kalekale. Ndikudziwa atsutsa.

Ndakugulira kachipewa ka mariachi. Uziyeserera kukupiza chitenje cha amayi ako, koma chakale chija, osati chopitira kutchalitchi. Ndikabwera tidzaone amene ayambe kugwa.

Upereke moni kwa onse.

Ndine,
Azakhali ako