Buku lachiwiri ndilo limaonetsa luso la mlembi wa nthano zazitali

Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za mabuku a nthano zazitali za maufumu ongopeka, nkhondo ndi matsenga, zija sizithera m'buku limodzi. Amene timawerenga mabuku otere timadziwa kuti buku loyamba limakoma mosavuta chifukwa zonse zimakhala zachilendo. Lachiwiri ndiye silinama. Likakoma, ndiye kuti mlembi anakhetsa thukuta, ndipo kukoma kwake kumaposa kwa loyamba lija.

Potsegula buku lachiwiri umakhala ngati wabwerera kumudzi patapita chaka. Palibe zofunsana maina. Ukangoona dzina la mpangankhani amene unamusiya ali pamavuto, mtima umagunda usanamalize n'komwe ndime yoyamba. Mawu amene wina analankhula mongodutsa pa tsamba 40 la buku loyamba umawapeza akubala nkhondo pa tsamba 200 la lachiwiri, ndipo umathamangira kukatenga loyamba lija kuti utsimikize. Chimwemwe chimenechi nkhani yaifupi singachipereke.

Chitsanzo chabwino ndi The Two Towers, buku lapakati la The Lord of the Rings la J.R.R. Tolkien, limene linatuluka mu November 1954, patangopita miyezi yosakwana inayi chitulukire loyamba. Lachitatu linabwera mu October 1955. Anatha kutsatizana chonchi chifukwa nkhani yonse inali italembedwa kale, ndipo osindikiza anangoigawa patatu. Gulu limene linayendera limodzi m'buku loyamba likupezeka litamwazikana. Theka loyamba la bukuli likutsata gulu limodzi, theka lachiwiri likutsata Frodo ndi Sam okha, moti wowerenga amadziwa zina zimene ampangankhaniwo sakuzidziwa za anzawo. Njala yofuna kupitiriza imachokera pamenepo.

Alembi athu a Chichewa akuyenera kuyesa ntchito imeneyi, koma adziwe pamene ena amapunthwa.

Ambiri amagwa poyambirira penipeni, pokumbutsa wowerenga zimene zinachitika. Ena amathera mitu itatu akubwereza buku loyamba, ndipo amene analiwerenga amatopa. Ena sakumbutsa kalikonse, ndipo amene anawerenga chaka chatha amasokera. Masamba awiri kumayambiriro ndi okwanira: limodzi lofotokoza mwachidule pamene nkhani inalekezera, lina la maina a ampangankhani, aliyense ndi mzere umodzi wonena kuti ndi ndani. Zotsalazo zizituluka nkhani ikuyenda, monga wina akaona chipsera pa mkono wa mnzake n'kukumbukira kumene chinachokera.

Chachikulu kwambiri ndi malamulo a matsenga. Mphamvu iliyonse ikhale ndi mtengo wake, ndipo mtengowo usasinthe. Tiyerekeze kuti m'buku loyamba muli mayi woitana mvula amene akaitana amakhala wosaona masiku atatu. M'buku lachiwiri akaitana mvula n'kunyamuka akuona bwinobwino, wowerenga amadziwa kuti wanamizidwa, ndipo kuyambira pamenepo saopanso ngozi iliyonse imene mlembi angabweretse. Mlembi wanzeru amatenga mtengo womwewo n'kuusandutsa nkhani. Adani aja tsopano akudziwa za masiku atatuwo. Akudikira mvula igwe kuti aukire. Kodi mayiyu aitane mvula chimanga chikufota m'minda, akudziwa kuti mudzi ukhala wopanda maso ake? Buku lachiwiri lonse likhoza kuima pa funso limenelo popanda kubweretsa matsenga atsopano. Kuwonjezera mphamvu pa mphamvu ndi njira ya mlembi amene wasowa chonena.

Palinso mitunda ndi nyengo. Munthu wosenza katundu amayenda makilomita 25 kapena 30 patsiku, choncho ulendo wofanana ndi wochoka ku Zomba kupita ku Blantyre ndi wa masiku awiri kapena atatu wapansi. Ngati m'buku loyamba ulendo wochoka ku likulu kufika kunyanja unatenga sabata, usatenge usiku umodzi m'lachiwiri. Ngati loyamba linatha anthu akukolola, ndipo lachiwiri likuyamba patapita miyezi isanu ndi umodzi, ndiye kuti kuli kutentha, minda yasosedwa, anthu akuyang'ana mitambo, ndipo mitsinje ing'onoing'ono yauma. Asilikali sangavutike kuwoloka mtsinje wosefukira m'nyengo imeneyo. Mankhwala ake ndi kope limodzi lapadera: mapu ojambula pamanja, zaka za aliyense, mbumba yake, amene anafa ndi tsamba limene anafera, ndi lonjezo lililonse limene nkhani yapereka koma silinakwaniritsidwe. Popanda kope limeneli mudzapeza malume amene anaikidwa m'manda m'mutu 9 akuweruza mlandu m'buku lotsatira.

Buku lachiwiri lisakhale mlatho chabe. Likhale ndi funso lakelake limene likuyankhidwa pampondachimera pake, pamene funso lalikulu la nkhani yonse likudikira. Ndipo wina ataye chinthu chimene sichidzabwereranso.

Za nthawi nazo zimapweteka owerenga. George R.R. Martin anatulutsa buku loyamba la nthano yake, A Song of Ice and Fire, mu 1996, lachisanu mu 2011, ndipo owerenga akhala akudikira lachisanu ndi chimodzi zaka zoposa khumi. Robert Jordan anayamba kutulutsa The Wheel of Time mu 1990 ndipo anamwalira mu 2007 asanamalize. Chinapulumutsa nkhaniyo n'chakuti anasiya zolemba za mathero ake, ndipo Brandon Sanderson anazigwiritsa ntchito mpaka buku la 14 linatuluka mu 2013. Kwa ife kuno, kumene owerenga amaiwala msanga buku likasowa m'sitolo, mlembi asapereke buku loyamba kwa osindikiza asanamalize kulemba lachiwiri, ngakhale mongowaza, komanso asanadziwe mathero a lachitatu. Osindikiza nawo alembe nambala ya buku pachikuto ndi pamsana, ndipo potulutsa lachiwiri asindikizenso loyamba. Palibe amene amagula buku 2 pamene buku 1 silikupezeka.

Zolemba ndiye tili nazo pakhomo pompano. Mu December 1946 madzi ndi miyala zinatsetsereka m'phiri la Zomba, ndipo anthu anati Napolo wadutsa, njoka yaikulu ija imachoka m'phiri kupita kunyanja. Malemu Steve Chimombo, amene anaphunzitsa ku Chancellor College, anaonetsa kale m'ndakatulo ndi m'masewero ake kuti Napolo ndi Mbona angasenze zolemba zolemera. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo inaumapo, monga mu 1968 ndi mu 1995. Taganizani buku loyamba la anthu a pachilumba ngati Chisi, otetezedwa ndi madzi, kenaka lachiwiri likuyamba madziwo ataphwa, mabwato ali pamatope, adani akubwera wapansi. Mbiri ya Amaravi nayo ili ndi buku lachiwiri lokonzeka kale: ufumu wa Kalonga kenaka Undi ndi Lundu akukhala ndi mphamvu zawozawo. Nyumba yosungira zolemba zakale za dziko, National Archives, ili konkuno ku Zomba kwa amene akufuna kufufuza. Ndingopempha kuti wolemba alemekeze zinsinsi za kudambwe ndi za ku Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona. Apeke ufumu wakewake, ndi miyambo yakeyake, wotsamira pa zathu koma osaulula zosayenera kuululidwa.

Kwa inu a Mkonzi pempho langa ndi ili. Patulani tsamba limodzi Loweruka lililonse la nthano yopitirira ya Chichewa, mutu umodzi pa sabata, ndipo mlembi akupatseni mitu yonse ya gawo loyamba pamodzi ndi ndondomeko ya gawo lachiwiri musanasindikize mutu woyamba. Pounika buku lotsatira, lembani pamwamba kuti ndi lachingati, ndipo wounikayo asaulule amene wafa m'buku lapitalo, chifukwa ena akhala asanalimalize.

Wowerenga,
Matawale, Zomba