AI isakuikireni mtengo isanaone kabuku kanu

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndiyankhule ndi anzathu a geni amene masiku ano akufunsa nzeru kwa mapulogalamu a AI, omwe amayankha mafunso ngati munthu, monga ChatGPT ndi Meta AI ya pa WhatsApp, asanaode katundu kapena kutenga ngongole. Zipangizozi n'zothandiza, koma chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akungofunsa kuti, "Ndigulitse pa mtengo wanji?" Yankho limabwera mosadodoma ngati la munthu amene waswera mumsika wa Limbe, chonsecho mtengo wa lero wa belo la kaunjika pulogalamuyo siikuudziwa. Imalumikiza mawu potengera zomwe inawerengapo kale, ndipo ikasowa nambala imatha kungoipeka.

Ngakhale akuluakulu zinawagwetsapo. Kampani ya Zillow ku America inkagula nyumba potsatira mitengo yomwe kompyuta inkalosera. Mu Novembala 2021 inatseka bizinesi imeneyo ndi kuchotsa antchito pafupifupi 2,000, itagula nyumba zambiri modula kuposa mmene ikanazigulitsira.

Nambala zizichokera m'kabuku kanu, AI ingokuthandizani kuzisanja. Tiyerekeze mwaoda belo pa K400,000 ndipo thiransipoti, wonyamula ndi chiphaso cha mumsika zadya K15,000. M'belomo mwatuluka zovala 200. Mukaiuza zokhazo, ikuuzani kuti chovala chilichonse mwagula pa K2,075, ndipo masamuwo ndi olondola. Koma aliyense amene anadulapo waya wa belo amadziwa kuti pansi pamakhala zong'ambika, zothimbirira ndi zazikulu zosakwana munthu. Zikakhala 40 zotere, zogulitsika ndi 160, ndiye kuti chimodzi chakudyerani K2,594. Ngati K400,000 yoodera beloyo ndi ya ku banki mkhonde pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, onjezani K80,000. Chovala chafika pa K3,094. Belo likachedwa n'kutha miyezi iwiri, chafika pa K3,594. Amene anaika mtengo wa K3,000 akuganiza kuti akupha makwacha, uku mpamba ukusungunuka m'manja.

Palinso china chomwe pulogalamuyi singachiganizire ngati simunaiuze: mtengo wokaodanso. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anapitiriza kugulitsa potengera mtengo womwe anaodera anamaliza katundu bwinobwino, koma atabwerera kwa ogulitsa mopikulitsa ndalamayo sinakwane belo lina. Choncho musanafunse AI, imbirani kaye foni amene mumaodako, mumve mtengo wa lero, ndipo muike umenewo m'masamu, osati wa mwezi watha.

Mafunsidwenso ali ndi pake. Mapulogalamuwa amakonda kuvomerezana ndi wofunsa. Mukati "bizinesi yangayi ndi yabwino, eti?" ikuyamikirani mpaka mumve kukoma. Iuzeni mosapita m'mbali kuti ikutsutseni: itchule njira zisanu zomwe ndalamayi ingalowere m'madzi, iwerengere zomwe zingachitike malonda atatsika ndi theka nyengo ya mvula, inenenso kuti muyenera kugulitsa zovala zingati pa sabata kuti mubweze ngongole pa tsiku lake. Ikayankha, iuzeni ionetse masamu ake mzere ndi mzere, inu mubwereze pa kakyuleta ya pafoni. Mukapeza nambala yomwe simunaipatse ndinu, ifufuteni. Za misonkho, monga VAT ndi msonkho wa pachipata, kafunseni ku MRA, chifukwa zimasintha ndi bajeti ndipo pulogalamuyo ikhoza kukupatsani zakale kapena za dziko lina.

Ndikupemphanso kuti nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, chithunzi cha chiphaso chaunzika ndi mayina a makasitomala amene ali ndi ngongole zanu musazilembe mmenemo. Masamu amayenda popanda zimenezo. Ndipo mauthenga akuyenda m'magulu a WhatsApp onena kuti pali AI yochulukitsa ndalama kawiri pa sabata mukangotumiza kaye K50,000 ndi akuba basi. Musatumize ngakhale tambala.

Mlangizi wa mabizinesi ang'onoang'ono,
Blantyre