Si chibayo chonse chofuna maantibayotiki

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za mankhwala amene odwala chibayo amalandira akagonekedwa m'chipatala. Munthu akafika akubanika, thupi likuotcha, dokotala salakwa kumuyambitsa maantibayotiki msanga, chifukwa chibayo cha mabakiteriya sichichedwa kupha. Chondidetsa nkhawa n'chakuti nthawi zambiri mankhwalawo amangopitirira popanda wowaunikanso.

Chibayo china chimabwera ndi mavairasi, monga a fuluwenza, ndipo maantibayotiki sapha mavairasi. Ngakhale pa chibayo cha mabakiteriya, malangizo amene akatswiri a ku America anatulutsa mu 2019 amasonyeza kuti masiku 5 amakwanira kwa akuluakulu ambiri amene anayamba kudwalira kunyumba, bola ngati ayamba kupeza bwino. Nanga kubaya munthu maantibayotiki monga ceftriaxone kupitirira sabata, iye akudya n'kumayenda, n'kwachiyani?

Mankhwala osafunikawo amavulaza. Amapha mabakiteriya othandiza a m'matumbo, wodwala n'kuyamba kutsegula m'mimba koopsa chifukwa cha kachilombo ka C. difficile. Tizilombo topulumuka timasiya kumva mankhwala, ndipo kafukufuku wa mu magazini ya The Lancet anapeza kuti mu 2019 vutoli linapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse.

Pempho langa ndi ili: pakatha masiku awiri kapena atatu, dokotala aonenso zotsatira za magazi ndi makhololo, asiye mankhwala osafunika, ndipo amene akuchira apatsidwe mapiritsi m'malo mwa jakisoni. Ifenso achibale tisamakakamize anamwino poganiza kuti m'bale wathu watayidwa akamusiyitsa jakisoni.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa